Mbewa ndi ya mwana kapena ya chona?

Otsutsana m'nkhani ino ndi anthu a mbumba imodzi m'mudzi wina kufupi ndi Chiringa, m'boma la Phalombe. Mbali ina kuli atsibweni, mlimi wa chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa. Iwo ali ndi chona pakhomo, koma koposa nkhoko za mumphika samupatsa kanthu, poti amakhulupirira kuti chona wokhuta sagwira khoswe. Mbali inayo kuli muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo, amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Mabwana ake kumeneko ankaweta tinyama totchedwa ferret, ndipo iye ali komweko anatisiyitsa chakudya cha m'mapaketi n'kuyamba kutipatsa mbewa, anapiye ndi zinziri zathunthu, ubweya, nthenga ndi mafupa omwe. Kwa amene sanakaonepo, ferret ndi kanyama ka thupi lalitali ndi miyendo yaifupi, ka banja limodzi ndi kanyimbi, chiuli ndi katumbu athu kuno. Anthu a ku Ulaya anayamba kukaweta zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti kaziwatulutsira akalulu m'mauna.

ATSIBWENI: Mphwanga, dzulo ndinakumva ukufotokozera amako za ku Joni, ndipo ndinati kapena makutuwa ayamba kundinamiza. Ukuti mabwana ako amatulutsa ndalama m'thumba, kugula mbewa, kuziika m'filiji, n'kumaponyera kanyimbi wawo wa m'nyumba? Mbewa yomwe ino, imene anyamata athu amaikumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja matuza okhaokha, kuti akaiika pa mpani apezeko ya sopo ndi makope? Kuno kapuku ndi ndiwo, phanya ndi ndiwo, chitute ndi ndiwo. Mwana amene wadyera nsima mbewa ziwiri amagona akudziwa kuti lero kunaphikidwa. Ine ndikuti kutenga chakudya cha munthu n'kupatsa chinyama chongosewera nacho ndi tchimo, ndipo palibe chizungu chimene chingalisandutse nzeru.

MUPHWA: Makutu anu ali bwinobwino, atsibweni. Inenso tsiku limene ndinatsegula filijiyo n'kupeza mbewa zoyera zitauma gwa m'thumba la pulasitiki, chakudya sichinanditsike. Ndinkangoona ana a kuno. Koma mundilole ndiyale kaye nkhaniyi musanagamule. Mbewa zimenezo si za m'munda wa munthu. Zimawetedwa m'makola monga tiwetera mbira, ndipo ogula ambiri ndi oweta njoka ndi mbalame zolusa. Palibe mnyamata amene walandidwa mpani kumeneko.

Komanso thupi la kanyamako silinapangidwire chimanga. Matumbo ake ndi aafupi kwambiri, moti chimene kadya chimatuluka pakangopita maola 3 kapena 4; nthawi yogaya ufa kalibe. Pamene chakudya chouma cha m'mapaketi chimafuna ufa wa chimanga, tirigu kapena mbatata kuti timibulu take tigwirane. Dokotala wa ziweto amene ankabwera pakhomopo ankati madokotala ambiri amaganizira ufa ndi zotsekemerazo pa matenda a kapamba amene amavutitsa tinyamati tikamakula, matenda otsitsa shuga m'magazi mpaka kanyama kumangoyang'ana malo amodzi, dovu lili chuchuchu, kenako n'kukomoka. Mbewa yathunthu ili ndi zonse pa muyeso wake: mnofu, mafuta, mafupa, chiwindi, mtima. Ukamapereka mnofu wokhawokha, uja wooneka bwino m'maso mwa munthu, mafupa a kanyamako amafewa. Ndiye munthu amene amati kupereka mbewa ndi uve, ulemu ndi nyama ya m'butchala, ameneyo akusamala maso ake, osati chiweto chake.

ATSIBWENI: Za matumbo wayankha bwino, koma funso langa lili pamwamba pa matumbo. Ng'ombe imakoka ngolo. Galu amalondera. Nkhuku imaikira, ndipo mlendo akafika imatichotsa manyazi. Nanga kanyimbi wa mabwana akoyo amagwira ntchito yanji? Ndamva kuti makolo ake ankasaka akalulu; iye lero ali m'khola la waya, kudya ndi kugona basi. Tingoti amadya mbewa imodzi patsiku. Pachaka ndi mbewa 365 zobadwira kuphedwa, osati kuti munthu akhale ndi moyo, koma kuti bwana akaweruka azikhala ndi choseka nacho. Ife mbewa timapha, inde, koma timapha chifukwa cha m'mimba, ndiponso chifukwa ikutithera mtedza m'munda. Magazi okhetsedwa chifukwa cha njala ndi magazi okhetsedwa chifukwa cha masewera, iwe ukuti ndi amodzi?

MUPHWA: Si amodzi, ndipo pamenepo mabwana anga sindiwaikira kumbuyo. Akanandifunsa asanagule, ndikanawaletsa. Sindikufunanso kuti kanyamaka kadzafike kuno. Ku New Zealand anakamasulira m'tchire m'zaka za m'ma 1880 kuti kathane ndi akalulu amene ankatha msipu wa nkhosa, koma iko kanatembenukiranso mbalame za kumeneko zoikira pansi, zina zosatha n'kuuluka komwe, ndipo mpaka lero dzikolo likuwononga ndalama potchera misampha. Taganizani kataswana m'madambo a Chilwa, kumene mbalame za m'madzi zimaikira m'mabango. Koma kanyama kagulidwa kale, kali m'khola, sikangapite kukadzisakira. Mwini wake watsala ndi njira ziwiri: kukadyetsa chimene thupi lake likufuna, kapena kukadwalitsa. Ndipo musaganize kuti timibulu ta m'paketi tilibe magazi. Namonso muli nkhuku ndi nsomba zophedwa, kungoti zaperedwa kuti mwini asazione maso. Bola amene amagwira mbewa yakufa ndi dzanja lake, chifukwa amadziwa mtengo weniweni wa chiweto chake.

Koma atsibweni, dzuwa lisatithere pa kanyama ka ku Joni. Mlandu umene ndabwera nawo ndi wa chona wanu wagona pakhondeyu. Nthiti zake ndikuziwerenga ndili pano. Iyenso ndi wodya nyama chimodzimodzi ferret, ndipo inu mwamuika pakhomo n'kumamumana dala.

ATSIBWENI: Apo ndiye wadzikola wekha. Chimene mabwana ako akugula ndi ndalama n'kumachitcha nzeru zatsopano, chona wangayu wakhala akudya chibadwire: khoswe wathunthu, wamagazi otentha, mutu, mchira ndi ubweya, wosalowa m'filiji, wosalipira ndi tambala yomwe. Pa zimenezi ife a kumudzi tinatsogola kalekale. Ndipo sindimumana chifukwa cha nkhanza ayi. Agogo ako anandiphunzitsa kuti chona ukamuzoloweza mbale amangogona pamafuwa makoswe akuthamangitsana pa mtanda wa denga. Iwe wakhalitsa m'nyumba za simenti, waiwala zimene khoswe amachita. Amaboola matumba, amadya mtima wa chimanga n'kusiya madeya, amakodzera ufa, amaba mazira ndi anapiye, usiku amatafuna zidendene za ana ali m'tulo. Ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002 kunagwa mliri wa nthenda yotupitsa mwanabele, imene imayenda ndi nthata za makoswe. Tinamva pa wailesi. Chona ndi wantchito, ndipo malipiro ake ndi khoswe amene wagwira. Akagwira adya, akachita ulesi agona ndi njala. Inenso ndikapanda kulima zimandithera momwemo.

MUPHWA: Zoti chakudya chabwino cha chona ndi khoswe wathunthu, tagwirizana, ndipo ndikuvomereza kuti chona wa kumudzi amene akusaka bwino amadya zoyenera kuposa amphaka ambiri a m'tauni. Pamene tasiyana ndi pa njala. Ndikuuzeni mmene tinasinthira chakudya cha tinyama tija, poti ntchitoyo inali m'manja mwanga. Ferret amazolowera fungo la chakudya akadali wamng'ono, moti wamkulu amene wakulira timibulu, ukamuikira mbewa amangoinunkhiza n'kuchokapo, osadziwa kuti ndi chakudya. Tinayamba ndi nyama ya nkhuku yopera, yosungunula ndi madzi, n'kumamupaka pang'ono m'kamwa ndi chala. Atazolowera tinachepetsa madzi, kenako tizidutswa, kenako mapiko ndi makosi a nkhuku okhala ndi mafupa, aawisi, poti fupa lophika limathetheka n'kulasa matumbo. Titatero tinabwera ndi tiana ta mbewa topanda ubweya, ndipo pomaliza mbewa yaikulu yong'amba pamimba kuti fungo lituluke. Kanyama kena kanalola msanga, kena kanakakamira kwa miyezi. Koma dokotala anatipatsa lamulo limodzi limene sitinaliphwanyepo: osakakamiza ndi njala. Kakakana, kapatseni chakale chija, mawa muyesenso. Anthu amene mukuwatcha owonongawo anadziwa kuti njala siphunzitsa chiweto, imangochifooketsa.

Chona nayenso n'chimodzimodzi. Kusaka kuli m'magazi mwake, sikudikira m'mimba kulira. Simunamuonepo atapha swiswiri n'kungosiya pabwalo osadya? Chimene njala imachita ndi kumutumiza kutali: kumunda, kutchire, kwa aneba, kulikonse kumene kuli chogwira chosavuta. Khoswe wamkulu wa m'nkhokwe amaluma. Chona wofooka amamulambalala n'kupita kwa anapiye a alamu anu, kapena kukavundukula mphika wa ndiwo. Zikatero mumamuponya chikuni n'kumutcha wakuba. Kubako anamuphunzitsa ndani?

Pano ndiloweko ine wolemba, chifukwa funso lakuti kodi ndi njala imene imasakitsa mphaka linafufuzidwapo, ndipo yankho lake silikomera mbali imodzi yokha. Mu 1976 Robert Adamec anaonetsa kuti mphaka ali pakati pa kudya, ukamuikira khoswe wamoyo amasiya mbale, kupha khosweyo, n'kubwerera ku chakudya chake. Kale mu 1953 Charles Elton wa ku Oxford anali ataona kuti m'mafamu a ku England, pamalo pamene makoswe achotsedwa kale, amphaka opatsidwako mkaka ankakhazikika n'kumaletsa makoswewo kubwereranso. Koma atsibweni nawo sakunena zopanda mutu. Mu 2021 ofufuza a pa yunivesite ya Exeter anapeza kuti amphaka odyetsedwa chakudya cha nyama yambiri anachepetsa ndi 36 peresenti tinyama timene ankabwera nato kunyumba. Anachepetsa, koma sanasiye. Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri ndi wa kufupi ndi kwathu, wa Themb'alilahlwa Mahlaba ndi anzake m'midzi ya ku Swaziland, masiku ano Eswatini, wofalitsidwa mu 2017. Iwo anapeza kuti pakhomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi, makoswe amachita mantha kutuluka kukadya. Ndiye kuti phindu la chona silili pa mitembo yokha imene waunjika, lilinso pa kupezeka kwake pafupi ndi nkhokwe usiku uliwonse. Ndipo chona amakhazikika pamene amadya.

ATSIBWENI: Chabwino, tingoti ndagonja, ndimudyetse. Ndimudyetse chiyani? Iwe namondwe wa Freddy anakupeza uli ku Joni. Ife mu Malichi 2023 tinaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, akuluakulu n'kukumbuka napolo wa 1991, minda n'kukwiririka ndi mchenga. Tisanapume n'komwe, chaka chotsatiracho dzuwa linawamba chimanga chisanakhwime, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Nyanja ya Chilwa imene inkatipatsa matemba otchipa inauma mu 1995, inaphwanso koopsa mu 2018, ndipo lero kamulu ka matemba pamsika wa Chiringa kapena wa Migowi kakuchepera, mtengo ukukwera. Kusikelo amayi akuuzidwa kuti ana akupinimbira chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi. Ndiye nditape matemba, mdzukulu wanga akuyang'ana, ndiike pansi kuti adye chona? Mwanayo akadzakula n'kundifunsa, ndidzayankha chiyani? Komanso usanene kuti sindimupatsa kanthu. Nkhoko amadya, mkute ukatsala amadya. Chimene ndikudya ine ndi chimene akudya iye.

MUPHWA: Mwana ndiye woyamba, atsibweni, pamenepo palibe mtsutso. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira m'dziko muno, ndipo munthu amene angachotse mbewa kapena matemba m'mbale ya mwana wotere kuti apatse chona, woyamba kulimbana naye ndine. Koma nsima yanuyo kwa chona ndi chodzazira mimba chabe. Thupi lanu limatha kudzipangira zina zimene likusowa kuchokera ku nyemba ndi nandolo, lake silitha. Pali chinthu china chotchedwa taurine chimene chimapezeka m'nyama, makamaka mumtima, ndipo m'chimanga mulibe. Mphaka akachisowa amachita khungu pang'onopang'ono, mtima wake n'kukula n'kufooka mpaka kufa. Ku America zimenezi zinadziwika bwino mu 1987, Paul Pion ndi anzake atapeza kuti amphaka ambiri odwala mtima ankadya chakudya cha m'masitolo choperewera chinthu chimenechi. Mukati chimene mukudya inu ndi chimene akudya iye, zikumveka zachilungamo. Koma inu mukukhuta, pamene iye akutha thupi mimba ili yodzaza.

Ine sindikupempha mbale ya mwana. Ndikupempha zimene timataya. Anyamata akamatumbula mbewa, matumbo amapita kudzala. Amayi akamakonza mlamba kapena makumba, zam'kati zimapita komweko. Za nkhuku sinditchula, ndikudziwa kuti ana amalimbirana. Zansombazo mungoziwiritsa pang'ono m'kachitini, chifukwa nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 amene mphaka amafuna. Nthawi ya ngumbi ndi ziwala, zogwera pansi ndi zake. Koposa zonse pali khoswe wa m'nyumba, amene palibe munthu wa kuno amamudya. Tchani maliwa ndi misampha m'nkhokwe, chogwidwacho mumpatse chona. Makomo a Asilamu ndi a mpingo wa Seventh Day, amene mbewa sadya n'komwe, iwo ndiye alibe ngakhale chowiringula.

ATSIBWENI: Taima kaye. Mwana wanga wamkazi ali woyembekezera, anamwino anamuuza kuti atalikirane ndi ndowe za chona, ati zimakhala ndi kachilombo kotha kuwononga mwana m'mimba, ndipo chona amakatenga kwa makoswe omwewo. Iwe ukuti ndizichita kumutolera khoswe ndi dzanja langa. Kodi pamenepo sindikuweta matenda?

MUPHWA: Anamwinowo ananena zoona, ndipo sindibisa kuti kudya nyama yathunthu kuli ndi mtengo wake. Chona amatenga njoka zam'mimba ndi kachilombo kameneko kwa makoswe ndi mbewa. N'chifukwa chake mabwana anga ankagula mbewa zowetedwa n'kuzisunga m'filiji, osati zotola kuseri. Koma chona wanu makoswe akuwadya kale, kaya mumtolere kaya musamtolere. Chofunika n'choti mayi woyembekezera asamasese ndowe zake, ana azisamba m'manja akasewera pa mchenga, chona asamakwere pa thandala la mbale, ndipo alangizi a ziweto akabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe, mupite nayenso mukafunse ndi za mankhwala a njoka zam'mimba. Khoswe wa pamsampha mumunyamule ndi kamtengo. Koma amene mwamupeza atafa yekha musampatse chona. Mumukwirire kapena kumutentha, chifukwa simukudziwa chimene chamupha, ndipo makoswe akayamba kufa okha ambirimbiri, nkhaniyo ndi yokanena kwa azaumoyo.

ATSIBWENI: Misampha yakoyo imagwira mmodzimmodzi, pamene makoswe amaswa mwezi ndi mwezi. Akachuluka ine ndimagula tameki pamsika, kapepala kamodzi, kusakaniza ndi bonya kapena madeya, m'mawa n'kungotola. Ndi yachangu, ndi yotchipa, ndipo mudzi wonse umatero. Ukufuna ndisiyenso imeneyo?

MUPHWA: Imeneyo ndiyo ndikufuna musiye lero, ngakhale zina zonse mutazikana. Tameki sanapangidwire makoswe. Ndi mankhwala a m'munda ophera tizilombo ta m'nthaka ndi m'mbewu, dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo ali m'gulu la mankhwala aukali kwambiri amene anagulitsidwapo kwa alimi. Ku Joni akuba amawaika m'nyama n'kuponyera agalu a nyumba imene akufuna kuthyola. Inu mukawasakaniza ndi bonya, mwaphikira ndani? Woyamba kufika pa nyamboyo ndi chona wanjala. Akaiphonya, adya khoswe amene akudzandira ndi poizoni m'mimba, poti wosavuta kugwira ndi ameneyo, ndipo chona amadya ndi matumbo omwe. Chona uja munali naye Freddy asanabwere, amene munamupeza kuseri kwa bafa thovu lili kukamwa, mukuti anamulodza? Nkhuku zimatola, galu amatola. Kadzidzi amene anthu amamugenda pomuganizira ufiti, chonsecho usiku wonse amatigwirira mbewa ndi makoswe kwaulere, nayenso amafa. Ndipo kapepala kotsala mumakabisa pa mtanda, m'nyumba momwe muli ana okwawa ndi achinyamata amene mitima yawo imasweka msanga. Maliro amene mankhwalawa abweretsa m'midzi yathu mukuwadziwa kuposa ine. Mwamumana chona kuti azidya makoswe, kenako mwathira poizoni m'makoswe omwewo. Ngati pali tchimo pakhomo pano, atsibweni, lili pamenepa.

ATSIBWENI: Za chona uja usandikumbutse. Zinandiwawa, ndipo sindinanenepo kuti anamulodza. Za tameki ndamva. Koma popeza iwenso ukufuna chona azisaka, bwanji dzana unakalipira adzukulu anga? Anagwira kapuku wamoyo, kumumanga ulusi kumwendo, n'kumakokera kamwana ka chona ka kwa aneba kuti kaphunzire kudumphira. Make amachita zomwezo, amabweretsa mbewa yamoyo n'kuiika pamaso pa ana ake. Chimene Mulungu anaika mwa chona, iwe ukuchitcha nkhanza? Ndipo ine Baibulo ndimawerenga. Pa Deuteronomo 25 ndime 4 akuletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu. Ng'ombe idye pa ntchito yake. Chona wanga pakamwa sindinamumange, akudya pa ntchito yake.

MUPHWA: Make alibe njira ina, ife tili nayo. Kamwanako kamaphunzira kwa make ndi m'masewera, ngakhale ndi chiguduli chomanga ku ulusi. Mabwana anga aja mbewa yamoyo sanaponyepo m'khola. Ankati kuzunzika kwa mbewa sikuwonjezera kanthu m'mimba mwa ferret, komanso mbewa yothedwa nzeru imaluma. Koma chimene chinandikalipitsa dzana si mbewa yokha. Ndi kuseka kwa ana aja pamene kapuku ankalira mwendo utathyoka. Tikupha kuti tidye, tikupha kuti titeteze nkhokwe, koma tizipha kamodzi. Mwana amene wazolowera kuti kulira kwa chinthu chofooka ndi koseketsa adzakumbukira phunziro limenelo pa mng'ono wake, ndipo akadzakula pa mkazi wake.

Ndime yanuyo ndailandira, koma ikuima mbali yanga. Ng'ombe yopuntha tirigu imayenda pa chakudya chimene chilipo, mulu wonse uli kunsi kwa mapazi ake. Nanga chona wanu mu Okutobala, tchire litapsa, anyamata atakumba una uliwonse, akupuntha chiyani? Lamulo lija analembera mwini chiweto amene amafuna ntchito yonse koma kudya kwa chiwetocho kumamuwawa. Dziko lathunso lili ndi lamulo lake, Protection of Animals Act, loletsa kuzunza ziweto, kungoti ambiri kumudzi kuno sitinalimvepo.

ATSIBWENI: Mwana wa mlongo wanga, walankhula monga munthu amene wayenda, ndipo sindichita manyazi kunena pamene wandipeza. Tameki sadzalowanso pakhomo pano, ndipo kapepala kali pa mtandako kachoka lero lomwe. Maliwa nditcha, khoswe wogwidwa ndi wa chona. Zam'kati za nsomba ndiwauza mayi a m'nyumba muno asamataye. Koma ziwiri ndakana. Mbewa ya m'munda, malinga pali mdzukulu pakhomo pano, chona sadzailawa kuchokera m'dzanja langa. Ndipo mbale ya tsiku ndi tsiku sindikulonjeza. Mu Januwale ndi Febuluwale, ife tikamadya kamodzi patsiku, iyenso adziwe kuti kunja kuli njala. Za mabwana akowo ndiye sindinasinthe ndi pang'ono pomwe. Munthu amene akuweta mbewa kuti adyetse chidole chake, dziko lili ndi ana osowa ndiwo, ine sindingamutche wachifundo.

MUPHWA: Mbewa ya mwana sindinaipemphe, ndipo sindidzaipempha. Koma Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene thumba lomaliza la chimanga likufuna mlonda kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ndi miyezi yomweyo imene mukuti mlondayo achoke akadzionere yekha. Njala ikagwa pa mudzi wonse, tigawana naye, palibe wolakwa. Imene ndikukana ine, atsibweni, ndi njala yochita kumukonzera nkhokwe ili yodzaza.

Ine wolemba ndagamula kuti pa nkhani yomana chona dala, atsibweni ndi olakwa, pamodzi ndi tonse amene tinalandira chiphunzitso chimenechi osachifunsa. Inu owerenga amene muli ndi chona pakhomo komanso kapepala ka tameki pa mtanda, ziwirizi sizikhalira limodzi. Chotsani tamekiyo lero, tchani msampha m'nkhokwe, ndipo chogwidwacho mumpatse chona pafupi ndi nkhokwe yomweyo.